Za Owerengera Tsiku la Chimaliziro

Pali mtundu wina wa zolemba za m'Chinyanja umene suwerengedwa m'gulu la mabuku a sukulu, ngakhale walowa m'nyumba zambiri zimene Nthondo kapena Mbiri ya Achewa sanalowemo. Ndinena timabuku ndi timapepala tija tonena za kutha kwa dziko, pamodzi ndi maulaliki a mtundu womwewo amene amveka pa misika, m'mabasi ndi pa wailesi, ndipo masiku ano ayendanso m'mafoni. Mphunzitsi amene adzatumizidwa ku Chitala, kapena ku sukulu ina iri yonse ya m'mbali mwa mseu wochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, adzakomana nazo zolemba zimenezi. Pakuti tsiku lina mwana adzaimika dzanja nafunsa ngati nzoona kuti dziko litha chaka chakutichakuti, ndipo anzache onse adzakhala chete kudikira yankho. Chifukwa chache kuyenera kuti tiziyese monga tiyesa zolemba zina zonse, poona mau amene zisankha, mamangidwe a nkhani yache, ndi chimene zichita m'mtima mwa wozimva.

Msampha woyamba uli pa liu lakuti dziko. M'chinenero chathu liu limeneli lisenza katundu wambiri. Dziko ndi dera la mfumu, dziko ndi Malawi yense, dziko ndi zonse za pansi pa thambo. Ndiponso dziko ndi makhalidwe a anthu, monga pamene nkhalamba iona mwana alikutukwana mai wache niti, dziko latha. Nkhalamba imeneyo siganiza kuti mawa dzuwa silituluka ai. Iri kudandaula kuti mwambo wagwa. Tsono mlaliki akapfuula kuti dziko likutha, wina amva za moto wotentha mapiri ndi nyanja, wina amva za kugwa kwa boma limene limsautsa, ndipo wina angobvomera ndi mutu pokumbukira kudula kwa feteleza. Onsewo achoka ali okhutira kuti mlaliki wanena zoona, koma zoona zache sizifanana.

Chigriki, chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, chiri ndi mau awiri pamenepa. Lina ndi kosmos, ndilo dziko lolengedwa ndi zonse za m'menemo. Lina ndi aion, ndilo nyengo kapena nthawi yaitali. Pa Mateyu 24:3, pamene ophunzira afunsa Ambuye za chizindikiro cha mathedwe, liu limene liripo ndi lachiwirili. Baibulo lakale la Chingerezi la 1611 linaika pamenepo liu lao la dziko, ndipo alaliki ambiri a ku Ulaya ndi ku America analeredwa nalo. Koma William Murray ndi anzache, amene anayamba nchito yao pa Mvera kumtunda kwa Salima nabala Buku Lopatulika m'chaka cha 1922, anaika liu la nthawi. Anachita bwino koposa Angerezi akale aja, ndipo nchomvetsa chisoni kuti timabuku tambiri ta masiku ano, potembenuzidwa mofulumira kuchokera ku Chingerezi, tibwezera liu la dziko pamene otembenuza athu analipewa.

Liu lina loyenera kulilingalira ndi mneneri. Inu amene muphunzira malamulo a chinenero mudziwa kuti kunena kubala kunenera, monga kugula kubala kugulira. Motero mneneri ndiye wonena m'malo mwa wina, wolankhulira amene anamtuma. Wonena za m'tsogolo tiri naye liu lache lina, ndiye mlosi, ndipo woombeza ula alinso ndi lache. Aneneri a m'Malembo ananenadi za m'tsogolo, koma nchito yao yaikuru inali kudzudzula mafumu ndi anthu a nthawi yao kuti atembenuke. Yona ananena masiku 40 pa Nineve, anthu nalapa, mudzi sunapasuka, Yona nakwiya. Makolo athu akanaimvetsa nkhani imeneyi msanga, pakuti olankhulira mizimu ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona akanena za chirala, ankanena kuti anthu akonze chimene chalakwika mvula igwe. Nthano za makolo zinena zambiri za chiyambi, za mapazi a pa Kaphirintiwa ndi za nanzikambe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo, koma za tsiku limodzi lothera zonse sizidziwa kanthu. Chiphunzitso chimenecho chinadza ndi mabuku, la Akristu ndi la Asilamu. Ndipo ana a Chisilamu, amene ali ambiri m'masukulu a Salima, aphunzitsidwa kwao kuti tsiku la Kiyama alidziwa Mulungu yekha.

Amene anayamba kutchula chaka poyera m'dziko muno, namveka ndi anthu zikwizikwi, ndiye Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay. Anaphunzira pa Bandawe ndi pa sukulu yaikuru ya Khondowe, nachokako m'chaka cha 1901. Pambuyo pache anapita ku South Africa, ndipo ku Cape Town anakhala miyezi ingapo kwa Joseph Booth, Mngerezi uja anafika kuno m'chaka cha 1892 nayambitsa mishoni ya Mitsidi, yemwenso anapita ndi John Chilembwe ku America. Nthawi imeneyo Booth anali atalandira chiphunzitso cha Charles Taze Russell wa Watch Tower, chimene anthu a kuno anachitcha Chitawala. Kamwana anabwera kwao chakumapeto kwa 1908 nalalikira kuti m'mwezi wa Okutobala 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, Kristu nadzalamulira. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma la Azungu linachita mantha, ndipo m'chaka cha 1909 linamchotsa m'dziko.

Wolemba wosalingalira angati anthu aja anali osaphunzira, chifukwa chache ananyengedwa. Kuteroko nkulakwa, pakuti ku Utonga ndiko kunali masukulu ambiri koposa madera ena a dziko lino, ndipo ambiri a omvera Kamwana anali odziwa kuwerenga. Chimene chinawakoka tichifune kwina. A mishoni ya Livingstonia ankayesa munthu zaka zingapo m'kalasi asanambatize, ndipo ambiri anatopa ndi kudikira. Kamwana anawabatiza pomwepo, poyera, m'madzi ambiri. Msonkho wa nyumba unali utakwera kufika mashilingi 6, ndipo wofuna kulipira theka anayenera kukagwira nchito kwa Mzungu mwezi wathunthu. Amuna anali kutha m'midzi kunka ku migodi ya Harare ndi Joni. Kwa anthu otere, kumva kuti maufumu adzatha kunali kumva kuti msonkho udzatha, ndi kuti munthu wakuda adzaweruza mirandu yache yekha. Liu lija la dziko linagwira nchito zache zonse nthawi imodzi. Russell polemba ku Pennsylvania sanaganize za msonkho wa ku Chintheche, koma omvera anaumva m'mau ache, ndipo sitingawatsutse kuti anamva molakwa za kuwawa kwao. Chimene chinalakwika ndi chaka.

Komatu chaka chimenecho chinafika ndi zoopsa zache, ndipo ichi ndicho chinapatsa chiphunzitsocho moyo wautali. M'mwezi wa Ogasiti 1914 nkhondo inabuka ku Ulaya, ndipo mwezi womwewo sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu ino. M'Seputembala anthu anamenyana pa Karonga. Inatsata nkhondo ya Chiwaya, imene inatenga amuna osawerengeka kukasenza mtengatenga, ambiri osabwerako. M'Januwale 1915 Chilembwe anauka, ndipo ena a ophunzira a Kamwana anali naye. Nkhondo itatha kunadza chimfine cha 1918 chimene chinapulula midzi. Munthu amene anamva ulaliki wa 1909 naona zonsezi, tingamdzudzule bwanji poganiza kuti mlosi analasa? Koma tiyang'ane bwino chimene chinalonjezedwa. Sanalonjeze kuti nkhondo idzayamba. Analonjeza kuti maufumu adzatha. Ufumu wa Angerezi unakhalabe m'dziko muno zaka zina 50, kufikira 1964, ndipo msonkho sunachepe. Kamwana mwini anatengedwa m'chaka cha 1916 kunka ku zisumbu za m'nyanja ya mchere, nakhala ku Seychelles kufikira 1937. Mlenje akati ndikapha njati kudambo, nabwera ndi nkhani yakuti kudambo kunalidi nyama, pamudzi sadya nkhaniyo.

Tsopano tione masamu, pakuti mphamvu yaikuru ya zolemba izi iri m'manambala. Munthu akhoza kukana mau, koma akaona nambala zitaikidwa pa mzere, nachotsera yekha napeza yankho lomwelo, ayesa kuti wadzionera yekha choonadi. William Miller, mlimi wa ku America wa mpingo wa Baptist, anatenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 nawayesa zaka, potsamira pa Numeri 14:34 ndi Ezekieli 4:6 pamene tsiku liimira chaka. Anayamba kuwerenga pa chaka cha 457 Kristu asanabadwe. Chotsani 457 pa 2,300, mupeza 1843. Chitapita chaka chimenecho anzache anakonza mawerengedwewo nafika pa 22 Okutobala 1844, ndipo ambiri anasiya mbeu zao m'minda osakolola, nachezera usiku umenewo kudikira. Kunacha monga masiku onse.

Mawerengedwe amene Russell analandira kwa Nelson Barbour ayenda njira yomweyo. Atenga nthawi 7 za pa Danieli 4, pamene nkhani inena za misala ya mfumu Nebukadinezara. Ayesa nthawi iri yonse chaka cha masiku 360. 7 kuchulukitsa ndi 360 abala 2,520. Masikuwo asanduka zaka. Ndipo kuwerenga kuyambira pa 606 Kristu asanabadwe, chaka chimene anati Yerusalemu anapasuka. Chotsani 606 pa 2,520, mupeza 1914. Kuchotserako nkolondola, ndipo mwana wa Sitandade 5 akhoza kukuchita. Koma pali dzenje limene mphunzitsi wa masamu ayenera kuliona. Pa kawerengedwe ka zaka palibe chaka cha 0. Chaka cha 1 Kristu asanabadwe chitsatidwa ndi chaka cha 1 atabadwa. Wowerenga bwino zaka 2,520 kuyambira 606 afika pa 1915. Otsata chiphunzitsocho atazindikira ichi sanasunthe 1914, koma m'chaka cha 1943 anasuntha poyambira, ndipo pambuyo pache anati Yerusalemu anapasuka 607. Akatswiri a mbiri yakale, powerenga zolemba za Ababulo, aika kupasukako pa 587 kapena 586. Ife aphunzitsi timdziwa mwana amene ayamba waona yankho kumapeto kwa buku, nakonza njira kuti ifike pomwepo. Timpatsa chiani pa pepala lache, inu mudziwa.

Si kuchotsera kumene kuli ndi mlandu. Mlandu uli pa zinthu zimene wolemba azilowetsa mwakachetechete asanayambe kuchotsera: kuti nambala ya m'chaputala chakuti inena za masiku athu, kuti tsiku liimira chaka ponseponse chifukwa linatero pa malo awiri, ndi kuti poyambira ndi apa osati apo. Zimenezi wolemba azipitirira msanga ndi mau onga akuti nchodziwikiratu, kapena onse abvomereza, nachedwa pa kuchotsera kumene palibe angakutsutse. Wowerenga wochenjera achedwe pamene wolemba afulumira.

Kuti tione kusiyana, tikumbukire nyenyezi ya mchira imene inaoneka m'chaka cha 1910, Kamwana atangochotsedwa kumene, niopsa anthu ambiri m'dziko muno. Edmond Halley anawerengera ulendo wa nyenyezi imeneyo nanena m'chaka cha 1705 kuti idzabwera cha m'ma 1758. Iye anafa asanaione, koma inabwera. Inabweranso 1835, 1910 ndi 1986, ndipo ana amene mudzawaphunzitsa adzaiona cha m'ma 2061. Momwemonso tidziwa kuti Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'Novembala 1835, chifukwa akulu ao anakumbukira kuti tsikulo dzuwa linada usana, ndipo owerengera kadamsana anabwerera m'mbuyo nalipeza. Awa ndi masamu amene akalakwa aonekera poyera, mwini wache nabvomera. Masamu a owerengera chimaliziro ali ndi khomo la kuseri.

Khomo limenelo ndi ili: tsiku likapita, chinthu chimene chinayenera kuoneka ndi maso chisamutsidwira kosaoneka. Ena a otsata Miller anati tsiku la 1844 linali loona, koma chochitikacho chinachitika m'kachisi wa Kumwamba. Otsata Russell anayamba kuphunzitsa kuti Kristu anadza mosaoneka m'chaka cha 1874, ndipo pambuyo pache anasamutsira kudzako ku 1914. Joseph Rutherford analemba kuti Abrahamu, Isake ndi Yakobo adzauka m'chaka cha 1925. Ndipo mabuku a Mboni za Yehova a m'ma 1960 analozera ku 1975, pakuti anati pamenepo zikwanira zaka 6,000 chilengedwere Adamu. Liu la mbadwo la pa Mateyu 24:34, limene anati linena anthu amene anaona 1914, analimasulira mwatsopano m'chaka cha 1995 ndiponso 2010, anthu aja atayamba kutha. Harold Camping wa ku California anatchula 21 Meyi 2011, zikwangwani zache nizifika m'maiko ambiri; tsikulo litapita anati chiweruzo chinachitika mwauzimu, natchula 21 Okutobala. Chilungamo chifuna kuti tinenenso mbali inayo. Camping anabvomera poyera m'chaka cha 2012 kuti anachimwa potchula tsiku. Nsanja ya Olonda inabvomera m'chaka cha 1980 kuti zolemba zache zinakweza chiyembekezo cha 1975 kopitirira. Ndipo mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unaphuka pa chitsa cha 1844 nufika pa Malamulo m'chaka cha 1902, Booth yemweyo ali pakati, sunatchulenso tsiku lina. Unamanga sukulu ndi chipatala, zimene sizimangidwa ndi anthu oyembekeza kutha mawa.

Timabuku tambiri ta masiku ano tachenjera, sititchula tsiku. Tingoika mndandanda wa zizindikiro. Nkhondo, njala, miliri, zibvomezi, ana osamvera: wolemba atchula chimodzi chimodzi, nafunsa ngati simunazione. Ndani ku Chitala angayankhe kuti sanazione? Pa 10 Marichi 1989 chibvomezi chinagwedeza boma la Salima, anthu 9 nafa, ndipo zikwi zambiri anagona panja nyumba zao zitang'aluka. Kolera anasautsa m'mbali mwa nyanja m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo m'Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera. Mamangidwe otere ndi amphamvu chifukwa wowerenga ndiye adzaza nkhani ndi maliro ache omwe. Koma ali ndi chirema chimodzi: palibe mbadwo umene sukanayankha inde. Anthu a njala ya 1949 akanatero, a chimfine cha 1918 akanatero, ndipo makolo a m'mbali mwa nyanja ino amene anaona anzao akumangidwa magoli kunka kwa Jumbe ku Nkhotakota akanatero koposa ife tonse. Chizindikiro chimene chioneka m'zaka zonse sichingatiuze chaka. Ndiponso a sayansi atiuza kuti nyanja yathu igona m'chigwa chachikuru chimene nthaka yache iri kung'ambika pang'onopang'ono; zibvomezi zinalipo Uthenga usanafike, ndipo zidzabweranso. Chaputala chomwecho cha Mateyu chimene olembawa achikonda chichenjeza kuti zotere zidzaoneka koma chimaliziro chisanafike, ndipo ndime ya 36 inena kuti tsikulo salidziwa munthu, kapena mngelo. Ndime imeneyi timabukuti tiitchula mothamanga, kapena osaitchula konse.

Fanizo la mkuyu la m'chaputala chomwecho mlimi wa ku Chitala angalimasulire bwino koposa ambiri a ife. Iye adziwa kuti msangu, mtengo uja uchita zosiyana ndi inzache, ukayamba kuyoyola masamba ndiye kuti dzinja layandikira. Aona mitambo, amva kutentha kwa usiku, nakonza mizere, nasankha mbeu ya mtedza ndi ya thonje. Koma mumfunse tsiku limene mvula yobzalira idzagwa, adzakusekani. Adziwanso za chizimalupsa, mvula ija inyenga osapirira. Wobzala nayo ataya mbeu, ndipo mvula yeniyeni ikadza alibe chobzala. Ngakhale a pa malo a kafukufuku wa zaulimi pa Chitala, amene ayesa mvula tsiku ndi tsiku nailemba m'mabuku, anena za nyengo ndi mau akuti mwina. Fanizo lija liphunzitsa kukhala wokonzeka. Owerengera masiku alisandutsa kalendala.

Musaganize kuti kukana kuwerengera ndi nzeru ya anthu osapembedza. Mipingo yakale inakana kale lomwe. Augustino wa ku Hippo, Mwafrika mnzathu amene anafa m'chaka cha 430, anaseka owerengera zaka pa zala zao, natsamira pa Machitidwe 1:7. Msonkhano wa Akatolika wa Lateran unaletsa alaliki m'chaka cha 1516 kutchula nthawi ya Wokana Kristu kapena ya tsiku la chiweruzo. Chibvomerezo cha Belgic cha 1561, chimene Sinodi ya Nkhoma inachilandira kwa makolo ache a ku South Africa, chinena m'mutu wache wotsiriza kuti nthawiyo njobisika kwa zolengedwa zonse. Onsewa akhulupirira kuti Ambuye adzabweranso, ndipo anena chomwecho Sabata liri lonse. Asiyana pa zina: ena ati zaka 1,000 za pa Chibvumbulutso 20 ndi fanizo la nthawi ya Mpingo, ena ati zidzadza zenizeni, ndipo chiphunzitso cha mkwatulo wobisika, chimene achinyamata ambiri ayesa kuti nchakale monga Baibulo, chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby cha m'ma 1830. Mphunzitsi sayenera kuweruza pakati pa mipingo m'kalasi mwache. Koma pa kutchula tsiku palibe mlandu wa mipingo. Pali mlandu wa choona ndi chonama, umene Deuteronomo 18:22 anaupatsa kale muyeso wache.

Chimene ndidandaula nacho koposa, monga wokonda chinenero, ndi kuti owerengerawa aononga buku lokoma. Chibvumbulutso ndi dzina losankhidwa bwino, pakuti liu la Chigriki litanthauza kubvundukula chobisika; silitanthauza chionongeko. Bukulo linalembedwa kwa mipingo 7 ya ku Asiya imene inali kusautsidwa mu ufumu wa Aroma, ndipo lilankhula ndi zithunzi monga nthano zathu. Mwana wa Mchewa adziwa kuti fisi wa m'nthano si fisi wa kuthengo, ndipo safunsa kuti kalulu anabadwa chaka chanji. Adziwa kuti nthano inena za munthu wadyera ndi munthu wochenjera, a m'mudzi uli wonse. Liu la chirombo, limene otembenuza anaika pa mutu 13, kwa ife liri ndi fungo linanso, pakuti zirombo ndizo zituruka kudambwe. Ndipo mwana wa kumudzi adziwa kuti chirombo chibvina mwambi, chionetsa khalidwe. Wowerenga wotere ali wokonzeka kumva kuti chirombo cha Yohane ndi ufumu uli wonse umene ufuna kupembedzedwa. Akatswiri ambiri ati 666 ndi dzina la Kaisara Nero lowerengedwa m'zilembo za Chihebri, zimene ziri manambala omwe. Koma timabukuti tichotsa nambalayo m'nthano yache nitiimata pa chinthu chiri chonse chatsopano, ndipo m'zaka za mliri wa Covid-19 tinamva ikumatidwa pa katemera. Mwana amene mai wache akana katemera chifukwa cha kumasulira kotere ali m'kalasi mwanu.

Pamene mau otere agwera m'manja oipa, mathero ache ndi maliro. Tomo Nyirenda, wa kuno kwathu, wophunzira wa Livingstonia, analalikira Chitawala pakati pa Alala ku Northern Rhodesia nadzitcha Mwana Lesa. Ubatizo wache unasanduka kumiza anthu oganiziridwa ufiti, nafa oposa 100 kumeneko ndi ku Congo, ndipo iye anapachikidwa m'chaka cha 1926. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, atsogoleri amene analonjeza chimaliziro pa 31 Disembala 1999 analandira chuma cha anthu ao. Tsiku litapita, pa 17 Marichi 2000 anthu anatenthedwa m'nyumba yopemphereramo, ndipo pamodzi ndi mitembo yopezeka m'maenje akufa anaposa 700. Ku Shakahola m'dziko la Kenya anafukula mitembo yoposa 400 kuyambira 2023, yambiri ya ana. Zoipa zazing'ono sizilembedwa m'nyuzi: mbuzi zogulitsidwa, munda wosalimidwa, mtsikana wosiya sukulu poyesa kuti mayeso alibe nchito. Paulo anakomana nazo zomwezi ku Tesalonika, ndipo mankhwala ache pa 2 Atesalonika 3 anali kuwabweza anthu ku nchito.

Koma pano ndichenjeze kolimba, pakuti dziko lathu liri ndi chipsera. Kutsutsa masamu a munthu sikupatsa ufulu wa kumzunza. Mboni za Yehova zinaletsedwa m'Malawi m'chaka cha 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ena anaphedwa, ndipo m'chaka cha 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale m'Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa m'chaka cha 1993. Anthu amenewo analakwa pa 1975, koma pa kukana kupembedza chipani anamva Chibvumbulutso 13 bwino koposa ambiri amene anali ndi masamu olondola nakhala chete. Zidzukulu zao ziri pa mabenchi a sukulu zathu, ndipo mphunzitsi amene aseketsa kalasi ndi chipembedzo cha mwana wayamba nchito yomwe ija ndi manja ang'ono.

Tsono mwana uja akafunsa, musamuyankhe ndi chiseko, kapena ndi ulaliki wa mpingo wanu. Mfunseni kumene anamva, ndi mau eni eni amene ananenedwa. Kawirikawiri mudzapeza kuti liu la dziko kapena la posachedwa ndilo lanyamula katundu yense. Kwa ana a makalasi apamwamba lembani pa bolodi 2,520 ndi 606, achotsere okha; kenaka jambulani mzere wa zaka wopanda 0, awerenge ndi zala kuyambira chaka cha 2 Kristu asanabadwe kufika chaka cha 2 atabadwa, aone ngati zikwana 4 kapena 3. Ndipo timapepala totere tikafika pa sukulu musatitenthe. Lembanipo tsiku limene mwatilandira, mutisunge m'kabati pamodzi ndi kaundula, kuti ophunzira a Chinyanja a zaka za m'tsogolo adzaone m'mene tinalembedwera. Za Kamwana mwini, atabwera m'chaka cha 1937 sanabwerere kwa a Watch Tower. Anayambitsa mpingo wache wa Mlonda kwao ku Nkhata Bay, nautsogolera kufikira imfa yache m'chaka cha 1956, zitapita zaka pafupifupi 42 chipitire Okutobala uja.